Mwana wa Mbale Wanu Akamakula Mosiyana ndi Anzake

M'mabanja ambiri, woyamba kuzindikira kuti mwana akukula mosiyana ndi anzake sakhala dokotala. Amakhala agogo amene alera ana ambirimbiri, kapena azakhali obwera kudzacheza pa Khirisimasi, kapenanso malume amene aitana mwana katatu konse iye osacheuka. Mwana wafika zaka ziwiri ndi theka koma sanatchulepo kuti "amama". Ndege ikamadutsa saloza kumwamba kuti ena aone. Akafuna madzi amangogwira mkono wa mayi ake n'kuukokera ku ndowa, osawayang'ana kumaso. Amatha nthawi yaitali akundandalika zitsekerero za mabotolo pakhonde, ndipo wina akangosuntha chimodzi, kulira kwake kumamveka mpaka kwa aneba.

Zoterezi zikhoza kukhala zizindikiro za autism. Ubongo wa mwana wotere umakula mwa njira yakeyake, makamaka pa kalankhulidwe, kachezedwe ndi anthu, ndi mmene amamvera phokoso, fungo kapena kukhudzidwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 aliwonse ali ndi autism, ndipo anyamata ndi amene amapezeka nayo kwambiri kuposa atsikana. Choncho ana amenewa tili nawo m'midzi ndi m'matauni mwathu, kungoti ambiri amakula osadziwika, akuitanidwa maina opweteka.

Mfundo izi ndalembera inu achibale. Makolo a mwana amalandira malangizo tsiku ndi tsiku, ambiri osawapempha n'komwe. Koma inu okhala pambali pawo simuuzidwa kawirikawiri kuti pakamwa panu ndi manja anu zitha kulimbitsa banjalo kapena kuliswa.

1. Lekani kusaka wolakwa.

Funso loyamba kubuka pamudzi limakhala lakuti "wachita ndani". Akuchimuna amaloza mayi: mwina anasempha mwambo ali ndi pakati, mwina anali ndi chibwenzi chamseri. Akuchikazi amaloza bambo, makamaka ngati kagolosale kake kayamba kuyenda bwino: akuti anakhwimira mwana, anamutenga nzeru kuti alemere. Zikavuta, mlandu umagwera gogo wina wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Ndaona anthu amene ankadyera mbale imodzi akusiya kupatsana moni chifukwa cha mawu amenewa, ndipo m'mikangano yonseyo mwana mwiniwakeyo palibe womukumbukira.

Kuloza chala kumeneku si kwa kwathu kuno kokha. Leo Kanner, dokotala wa ku Baltimore m'dziko la America, polemba za ana 11 a mkhalidwe umenewu mu 1943, ananenanso kuti makolo awo ambiri sankaoneka kuti ndi anthu ansangala. Maganizo amenewo anakula, ndipo Bruno Bettelheim wa ku Chicago anawafalitsa kwambiri m'buku lake la mu 1967, kuti mwana amadzitsekera chifukwa makolo sakumufuna. Amayi ochuluka anakalamba akudziimba mlandu pa chinthu chimene sanalakwe. Mu 1977 Susan Folstein ndi Michael Rutter atafufuza mapasa ku Britain, zinayamba kuoneka kuti autism imayendera kwambiri m'chibadwa, ndipo kafukufuku wina wa mu 2019, wa anthu oposa 2 miliyoni m'maiko asanu, anapeza kuti gawo la chibadwa ndi pafupifupi 80 peresenti.

Apa pafunika kusamala, chifukwa wina akangomva za chibadwa amathamangira kunena kuti "ndiye zachokera kwanu". Mwana amatenga kwa bambo ndi kwa mayi omwe, ndipo nthawi zina kusinthako kumayambira mwa iye mwini, kosapezeka mwa kholo lililonse. Palibe amasankha zopatsira mwana wake m'magazi. Mbale wanzeru akamva miseche yotereyi kuchitsime kapena pa bawo amaidula pomwepo: "Zimenezo ayi, mwana uyu ndi wathu tonse."

2. Mukaona china chake nenani, koma muli awiri.

Ena amatonthoza ndi mawu osathandiza: "Musadandaule, anyamata amachedwa kulankhula, bambo akewa anayamba ali ndi zaka zinayi." N'zoona kuti ana ena amangochedwa basi n'kudzalankhula bwinobwino. Koma mwana wongochedwa kulankhula amaloza, amakodola, amakubweretserani chidole kuti muone, amacheuka mukamuitana. Ngati wakwanitsa chaka osacheuka pomva dzina lake, wafika chaka ndi theka osaloza chinthu kuti akuonetseni, kapena anali ndi mawu angapo kenako n'kuwataya, zonena kuti "adzalankhula yekha" zimangotayitsa miyezi imene akanaphunzira mosavuta. Nthawi zambiri mayi amakhala ataona kale zonsezi, ndipo akamakuuzani amafuna womumvetsera.

Ena amabwera ndi dzina la matenda m'manja, mwina ataonera kanema pa Facebook, n'kulitula pagulu nthawi ya nsima. Ngakhale mutakhala kuti mukulondola, mawu onenedwa pamaso pa apongozi sakhululukidwa msanga. Dikirani mpata, ndipo nenani zokhazo zimene mwaona ndi maso anu: "Achemwali, mwanayu ndi wanganso. Ndaona kuti ndikamuitana sacheuka, ndiye ndimati ndifunse, inuyo mukuona bwanji? Mukafuna kuti akamuone kuchipatala tipitira limodzi." Akakana kapena akakwiya, musalimbane nawo, pakuti munthu wamantha amakonda kuyankha mokalipa. Pitirizani kudzacheza monga kale, kuti tsiku limene adzafune womuuza adzakupezeni pafupi.

3. Aperekezeni kuchipatala.

Poyambira ndi kusikelo kapena kwa alangizi a zaumoyo. Iwo angatumize mwana kuchipatala cha boma, ndipo kuchokera kumeneko mwina ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central. Ku Mzuzu kulinso a St John of God amene akhala akuthandiza ana ovutika kakulidwe kwa zaka zambiri. Choyamba kupempha ndi kuyeza makutu, pakuti mwana wosamva bwino nayenso sacheuka ndipo salankhula. Malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi amathanso kubweza mwana m'mbuyo, n'chifukwa chake kabuku ka kusikelo kasatsale kunyumba. Ngati amakomoka, kapena amangoti duu maso ali tong'o kwa kamphindi, adokotala auzidwe. Matenda a khunyu amapezeka kawirikawiri mwa ana a autism, ndipo amenewo ali ndi mankhwala.

Palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa autism. Adokotala amafunsa mbiri ya mwana ndi kuona mmene akusewerera. Pali njira yoyezera kakulidwe ka ana yotchedwa MDAT, imene inakonzedwa poona ana a ku Malawi konkuno ndipo inasindikizidwa mu 2010. Yokha siinena kuti mwana ali ndi autism, koma imaonetsa pamene watsalira. Mbale amene ali ndi foni yojambula atha kuthandiza kwambiri pojambula mwana kunyumba akusewera, akuitanidwa, akudya, chifukwa m'chipinda cha dokotala mwana wotopa ndi mzere amangolira. Makolo avomereze kaye, ndipo kanemayo ndi wa dokotala, asafike pa gulu la WhatsApp la banja.

Ulendowu ndi wotopetsa: minibasi yothithikana, mzere wa m'mawa mpaka masana, mwana wosatha kudikira. Pakhale munthu wachiwiri wogwira malo pamzere pamene mayi akuyendayenda ndi mwana panja. Akatswiri ndi ochepa, ndipo yankho lenileni litha kutenga miyezi, koma kuthandiza mwana kunyumba kuyambe lero lomwe.

4. Tetezani mwana kwa ogulitsa machiritso.

Kholo losweka mtima limagula chilichonse. Adzabwera wina wonena za sing'anga wa kutsidya kwa mtsinje, wina za mneneri wotulutsa ziwanda zotseka pakamwa, wina za madzi kapena mapiritsi a pa intaneti. Mbuzi zimapita, njinga imapita, mwana amabwerako ndi mphini thupi lonse ndi mantha owonjezereka. Mpaka lero palibe mankhwala ochotsa autism. Chimene chilipo ndi kuphunzitsa mwana moleza mtima, kuchiza zovuta zimene zimabwera limodzi monga khunyu, kusagona ndi kudzimbidwa, ndi kusintha zina ndi zina pakhomo.

Sindikuletsa kupemphera, makolo ambiri akuimabe chifukwa cha mapemphero ndi anzawo a mumpingo. Koma ngati akuti mwana amangidwe, amanidwe chakudya, azikuwidwa m'makutu usiku wonse kapena amwetsedwe zinthu zosadziwika, imeneyo ndi nkhanza. Mbale alimbe mtima n'kunena kuti ayi, ngakhale wobweretsa maganizowo atakhala mkulu wa banja.

Za katemera nazo zimamveka. Mphekesera yakuti katemera wa chikuku amayambitsa autism inachokera ku zimene Andrew Wakefield analemba mu 1998 ku Britain. Magazini ya The Lancet, imene inasindikiza nkhaniyo, inaichotsa mu 2010, ndipo chaka chomwecho iye analandidwa chilolezo cha udokotala. Ku Denmark anatsata ana oposa 650,000 ndipo sanapeze kugwirizana kulikonse. Zizindikiro za autism zimangoonekera pa msinkhu womwewo umene ana amabayitsa. Mng'ono wake wa mwanayo akabayitse ndithu, pakuti chikuku chimapha.

Inu amene muli ku Johannesburg kapena ku Britain ndipo mumatumiza kangachepe, funsani mwachikondi kumene ndalamayo ikupita. Thiransipoti ya kuchipatala, mpanda wa pakhomo, chivindikiro cha pachitsime ndi malipiro a munthu wothandiza mayi masana ndi zimene zimasinthadi moyo wa banjalo.

5. Muphunzireni mwanayo.

Taganizirani tsiku la chinkhoswe. Zokuzira mawu zikugunda, amayi akuimba nthungululu, azakhali amene mwana sawadziwa akumunyamula n'kumupsompsona, ndipo wavekedwa malaya atsopano okanda pakhosi. Mwana akuyamba kutseka makutu ndi manja, kugwedezeka uku ndi uku, kenako wadzigwetsa pansi, akukuwa ndi kudzimenya mutu. Anthu aunjikana. Wina akuti, "Mwana wopanda mwambo uyu, amamulekerera." Wina wathyola kale kamtengo. Mayi thukuta lili kamukamu, maso ali pansi.

Chimene chachitika apa si chipongwe. Kwa ana ambiri a autism, phokoso limene ife timapirira nalo limakhala ngati kugonekedwa mutu pa injini ya chigayo, ndipo alibe mawu onenera kuti "ndichotseni pano". Kugwedezeka ndi kukupiza manja ndi njira yake yodzitonthozera. Musamugwire manja kuti asiye. Chikwapu chimangomuphunzitsa kuti anthu ndi oopsa. Chimene mbale angachite pa mphindi imeneyo n'chosavuta. Auze anthu apatuke, apemphe kuti zoimbira zitsike, achotse miyala ndi mbaula pafupi, atsegulire mayi ndi mwana chipinda cha phee, ndipo iye aime pakhomo kuyankha ofunsa. Ulaliki wa kaleredwe ka ana ausunge m'mtima.

Mwana aliyense ali ndi zakezake, ndipo aphunzitsi anu ndi makolo ake. Funsani: amaopa chiyani, amakonda chiyani, akafuna kuchimbudzi amachita bwanji? Wina amadya nsima yokha popanda ndiwo, wina samwa phala ngati silili m'kapu yake yomweyo. Wina akangomva makina ometera tsitsi amathawa, koma amametedwa ndi sizasi ali m'tulo. Akamasala zakudya chonchi, kumukakamiza kapena kumutseka mphuno kumangowonjezera vuto. Kuika kachidutswa ka chakudya chatsopano pambali pa chimene anazolowera, tsiku ndi tsiku, ndiko kumathandiza pang'onopang'ono. Musanamusinthire zochita muuzeni kaye, kapena muonetseni: nsapato m'manja ndiye kuti tikutuluka, chitenje ndi sopo ndiye kuti tikukasamba.

Posewera naye, khalani pamphasa kuti nkhope zanu zifanane kutalika. Ngati akundandalika zitsekerero, tengani chimodzi muike pamzere wake. Nenani mawu amodzi kapena awiri: "Chofiira." "Ikanso." Kenako khalani chete mudikire, ngakhale kudikirako kutalike bwanji. Akatambasula dzanja, akakuyang'anani pang'ono, akatulutsa kamawu, muyankheni nthawi yomweyo, kuti aone kuti kulankhulana ndi munthu kuli ndi phindu. Njira zoterezi ndi zimene zili m'maphunziro a olera ana amene a WHO anakonza, otchedwa Caregiver Skills Training, ndipo sizifuna zidole za m'sitolo. Agogo aamuna amene amakhala ndi nthawi masana atha kudziwa zimenezi kuposa aliyense pakhomo.

Musamunene ali pomwepo. Akuluakulu ambiri a autism amene anadzaphunzira kulankhula kapena kulemba mochedwa amafotokoza kuti ankamva zimene anthu ankanena za iwo. Muitaneni dzina lake. Maina monga "chitsiru" kapena "wamisala" asamveke pakhomo panu, ndipo ana anu muwaletse msanga.

6. Thandizo lanu likhale ndi tsiku ndi ola.

"Mukafuna chilichonse mundiuze" ndi mawu abwino, koma mayi wotopa sapempha, amaopa kuvutitsa anthu. Nenani chonchi: "Alamu, Loweruka lililonse masana ndizibwera, inu muzikagona kapena kupita kumsika." Ndiyeno muzibweradi. Ana ambiri a autism amavutika kugona, ndipo pali amayi amene atha zaka osagonapo usiku wathunthu, kwinaku akuyembekezeka kulima, kutunga madzi, kukaphika kumaliro ndi kusonkha ku banki m'khonde. Wina amulimire mizere ingapo, wina amuimire pa ntchito ya kumaliro, ndipo amfumu auzidwe chifukwa chake sakuoneka pa zachitukuko.

Palinso nkhani ya chitetezo, ndipo iyi ndi ya moyo. Ana ambiri otere amachoka pakhomo mwakachetechete, ndipo amakopeka ndi madzi. Kumira ndi imodzi mwa ngozi zimene zimapha kwambiri ana a autism. Vindikirani zitsime, kwirirani maenje a njerwa amene amadzaza madzi m'dzinja, ikani loko pamwamba pa chitseko. Auzeni aneba, a kabaza a pasiteji ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu kuti akamuona ali yekha amubweze, chifukwa iye sanganene kwawo. Akasowa, anthu oyamba athamangire kumtsinje ndi kudziwe.

7. Pitirizani kuwaitana.

Mabanja ena amangozindikira kuti maukwati akuchitika iwo osamva. Ena amadzipatula okha chifukwa cha manyazi. Aitaneni ndithu, muwauze kuti akabwera kwa theka la ola n'kubwerera palibe mlandu, ndipo chipinda chopumira mwana chilipo.

8. Kumbukirani ana enawo, kumbukiraninso ukwati.

Katundu amakonda kugwera mtsikana wamkulu m'nyumbamo. Amajomba kusukulu kuti alere mlongo wake, anzake amamuseka, ndipo palibe womufunsa mmene akumvera. Azakhali amutengeko tsiku lina akapume, malume aonetsetse kuti makope ndi yunifolomu zilipo. Asasiye sukulu.

Ukwati nawo umagwedezeka. Abambo ena amathawa, ena amachita kutumidwa ndi abale awo kuti akakwatire kwina "akabereke ana abwino". Ankhoswe a mbali zonse ziwiri ali ndi ntchito pamenepa. Alankhule ndi bambo mwaulemu, poti nayenso ali ndi chisoni chimene sadziwa kokachitula, koma amuuze mosapita m'mbali kuti mwana ndi wake, ndipo kusambitsa, kuperekeza kuchipatala ndi kudzuka usiku si za mayi yekha. Zoti abereke mwana wina kapena aleke akambirane awiriwo ndi adokotala, achibale asawaumirize.

9. Konzani za sukulu ndi za mawa makolo akadali ndi mphamvu.

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo mwana wa autism ali ndi ufulu wophunzira monga wina aliyense. Koma kalasi yodzaza ana mpaka kukhomo, mphunzitsi ali mmodzi, ndi malo ovuta kwa iye. Mbale wodziwa kulankhula aperekeze makolo kwa ahedi. Akafunse ngati m'deramo muli mphunzitsi wa maphunziro apadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo akapemphe zinthu zing'onozing'ono zotheka: malo akutsogolo, kuweruka msanga masiku oyamba, mnzake mmodzi womuyang'anira pabuleki.

Anthu amakonda kutchula Temple Grandin wa ku America, amene sanalankhule mpaka atafika zaka zitatu ndi theka koma anadzakhala pulofesa wa za ziweto ku Colorado State University. Nkhani yake ndi yoona ndipo imalimbikitsa, koma musailonjeze kwa makolo. Ena adzaphunzira mpaka kuyunivesite n'kumanga mabanja, ena adzaweta mbuzi kapena kusoka mwaluso, ndipo ena adzafuna wowasambitsa moyo wawo wonse. Ine ndimadandaula ndikamva mwana akuyamikiridwa pokhapokha ataonetsa luso linalake, ngati kuti wopanda lusoyo si mwana.

Funso limene limasowetsa makolo tulo ndi lakuti, "Ine ndikadzapita, adzakhala ndi ndani?" Lisadzayankhidwe tsiku la maliro, anthu atatopa, katundu akugawidwa. Banja likhale pansi panopa. Atchulidwe munthu, avomere yekha mosakakamizidwa, ndipo mwana ayambe kumuzolowera pomakagona kwawo mwa apo ndi apo. Zimene amadya, zimene amaopa ndi mankhwala ake zilembedwe m'kope. Makolo alembe wilo. Lamulo la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu, koma munthu wosalankhula sangapite yekha kubwalo kukadandaula, choncho munda kapena nyumba yake ikhale yodziwika kwa amfumu ndi kwa mboni. Ndipo akamakula, makamaka ngati ndi mtsikana, banja ligwirizane mayina a anthu ololedwa kutsala naye okha m'nyumba, ndipo aliyense womusamala aphunzire kuona mabala, mantha achilendo kapena kukana kuyandikira munthu winawake, n'kukanena kuchipatala ndi kupolisi tsiku lomwelo.